Woyeza Mapesi

Ndine amene ndimakoleka thumba pa mbedza ya sikelo
pansi pa mbawa, kuseri kwa msika wa Namwera.
Ndimagula zimene kale zinalibe mtengo:
mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza,
mankhusu a mpunga wa kudambo.
Lole imabwera Lachinayi n'kuzitengera ku boma,
kumene makina amazipera, kuzifinya,
mpaka zituluke ngati zigumu zakuda
zoyaka osalizitsa munthu misozi.

Chaka choyamba tinaseka.
Abiti Sanudi anatula mtolo wachisanu ndi chiwiri,
napukuta thukuta ndi nsonga ya mpango:
Kodi zinyalala nazo zalowa m'kaundula?
Ndinawawerengera ndalama m'manja.
Anagula mchere, sopo, nsapato za Lajabu,
ndipo msuku wa m'mbali mwa phiri uja,
umene owotcha makala anali ataupenda kale,
unabalanso chaka chimenecho.
Mkazi wanga analeka kutsokomola kukhitchini.
Izi ndinaziona ndekha, sindingazikane.

Koma munda wokololedwa kawiri,
koyamba ngala, kachiwiri chofunda chake,
umagona wosavala mwezi wa Okutobala.
Chiswe chikafika chimapeza mbale yotsuka,
n'kutembenukira ku mizati ya nkhokwe.
Mbuzi za Che Mdoka, zozolowera kutola m'mizere,
zikutafuna makatoni kumsika
ndipo ndowe zake zikugwera pamsewu
pamene sipamera kanthu.

Kenaka anabwera mnyamata wa chipewa choyera,
foni m'dzanja, nsapato zosadziwa matope.
Anati zotsalira sizikukwana,
makina akugona ndi njala masiku atatu pa sabata.
Dzalani nsenjere, dzalani chinangwa chowawa,
tidzagula chonse, osasankha.
Che Mdoka anazula nandolo.
Theka la ekala limene Asiyatu ankabwereka
ndi ndowa ziwiri za chimanga pachaka,
mwini wake analikumbukira mwadzidzidzi.
Kudambo kumene amayi ankamweta udzu wofolera
kunamera zikhomo zopaka utoto wofiira,
ndipo ana a mimba imodzi
anakayeza malire ndi chingwe, osalonjerana.

Asiyatu akulima tsopano kumtunda, m'miyala,
pamene khasu limalira ngati belu la sukulu.
Kuti apeze malowo anagwetsa mitengo inayi.
Umodzi unali msuku uja.

Mvula yoyamba inagwa usiku wa Lachisanu.
Kutacha ndinapita kukaona mizere yanga.
Madzi anali atadutsa pakati ngati lumo,
nthaka yanga yofiira ili pa ulendo,
yatsikira kumtsinje osatsanzika.
Ndinaima pamenepo ndi buku langa m'thumba.
Muli mzere wa dzina, mzere wa makilo, mzere wa ndalama.
Ndinatembenuza masamba onse mpaka kuchikuto,
wa dothi sindinaupeze.

Sindikuti makina ndi mfiti.
Mphika wa kuchipatala ukuwira ndi mapesi athu,
ophika kusukulu sakuthyolanso nkhuni m'nkhalango,
ndipo malipiro anga ndi amene anafolera nyumba ino malata.
Ndikangoti ndilankhule pamsonkhano
lilime limakumbukira amene amalidyetsa.

Lachinayi lapitali lole inachedwa.
Ndinakhala pa mulu wa mitolo, ndikumva kununkhira kwake,
fungo la munda umene wachoka kwawo.
Ndinapatula mitolo itatu,
ndinaiyeza bwinobwino, ndinalemba m'buku,
ndinatulutsa ndalama m'thumba langa ndi kulipira kampani.
Dalaivala anaseka: Achimwene, mwayamba kudya mapesi?

Ndinaimanga pa njinga dzuwa litapendeka,
ndinakankha chikweza chonse cha kwa Chiponde,
ndinakayala phesi ndi phesi pa mizere yong'ambika
monga mmene umafunditsira mwana wamalungo.
Sinakwane.
Inangofika pa mzere wachisanu ndi chinayi,
ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kale kuda.